Pusi wa ku Brampton ndi Nthambi za ku Aruba

Mwambi wakuti "ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada" uli m'gulu la miyambi yodzudzula dyera, koma dyera lake ndi lapadera. Pusi wa m'mwambiwu si wakuba, si waulesi. Ndi katswiri woyerekeza zinthu. Ali panthambi ndi chipatso kumanja, amaona china chakupsa bwino patsidya n'kutambasula mkono. Mkono usanafike, diso lili kale pachachitatu. Akuluakulu sadatchule mtengo wake, kaya unali msuku kaya mpoza, ndipo kusatchulako kwathandiza mwambiwu kuwoloka nyanja. Lero ukugwira ntchito mumzinda wa Brampton ku Canada, kumene pusi sangagone panja ngakhale usiku umodzi.

Brampton ali m'chigawo cha Ontario, kumpoto chakumadzulo kwa Toronto. Kalembera wa 2021 adapezamo anthu 656,480, ambiri ochokera kumaiko a dzuwa: ku India, ku Jamaica, ku Guyana, ku Nigeria, ndipo mwa apo ndi apo mumamveka Chichewa. Amautcha Flower City chifukwa kale unkalima maluwa ochuluka m'nyumba zagalasi, dzina lomwe mu Januwale limamveka ngati chipongwe. Mwezi umenewo chipale chofewa chimakwirira chilichonse, ndipo lamulo la mzinda limafuna kuti mwini nyumba achotse chipalecho panjira ya oyenda pansi. Chovuta china n'chakuti bwalo la ndege la Pearson lili pafupi, ku Mississauga. Munthu ali ndi fosholo m'manja, mphuno itachita dzanzi, amakweza maso n'kuona ndege ikulunjika kummwera. Pusi amabadwira pamenepo.

Chipatso chomwe chimamukopa ndi timeshare. Chaka chili ndi masabata 52, choncho chipinda chimodzi cha hotelo chimagulitsidwa kwa mabanja pafupifupi makumi asanu, lililonse sabata yakeyake chaka ndi chaka. Malondawa adayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, pomwe kampani ya Hapimag idakhazikitsidwa ku Switzerland mu 1963, kenako adafalikira ku America. Mmalawi sangadabwe nazo kwenikweni, poti amadziwa ng'ombe ya pa Khrisimasi yomwe anthu amasonkherana n'kugawana milu. Kusiyana kwake n'kumodzi. Ng'ombe ya pa Khrisimasi imaphedwa, nyama n'kudyedwa, nkhani n'kutha. Iyi siphedwa. Imakhala m'khola la kutali, imadya chaka chonse, ndipo aliyense wa eni ake amaloledwa kuikama masiku asanu ndi awiri.

Mwa zilumba za ku Caribbean zomwe anthu a ku Toronto amakonda, Aruba ndi mtengo wobala kwambiri zipatso zotere. Ndi kachilumba ka masikweya kilomita pafupifupi 180, kufupi ndi gombe la Venezuela, pansi pa Ufumu wa Netherlands. Likulu lake ndi Oranjestad ndipo anthu ake amalankhula Papiamento. Kuchokera ku Pearson, ndege imatenga pafupifupi maola asanu. Wogulitsa aliyense amayamba ndi mfundo yakuti Aruba ali kunja kwa njira ya anamondwe, ndipo n'zoona ndithu: pamene namondwe Irma adasakaza mahotelo a ku Sint Maarten mu Seputembala 2017, ku Aruba madenga adatsala m'malo mwake. Chomwe chimatchulidwa mothamanga ndi mphepo ya kumvuma yosapuma, imene idaweramitsa mitengo ya divi-divi yonse mbali imodzi ngati ana a sukulu pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Chipewa chogulidwa kumasitolo a Bramalea City Centre ku Brampton sichikhalitsa pamutu.

Kuyerekeza kwenikweni kumayambira pa magombe awiri oyandikana. Palm Beach ndi dera la nyumba zitalizitali zosanjikizana, makasino, malesitilanti ndi khamu. Kumeneko kuli Marriott's Aruba Ocean Club ndi mnzake Surf Club, yomwe ili ndi kamtsinje kopanga koyenda pang'onopang'ono, komwe munthu wamkulu wandevu zake amagonera pachubu n'kumazungulira osapita kulikonse. Mwana wa ku Liwonde atachita zomwezo pa Shire, amake angamulandire ndi mthiko. Eagle Beach ndi dera la nyumba zazifupi, mchenga wotambalala ndi bata. Kuli Costa Linda, yomwe ili pamchenga penipeni, ndi La Cabana, kumene wofuna madzi amayamba wawoloka msewu. Apa pusi amatsegula kompyuta n'kulemba mizere. Uku kuli phokoso koma ana satopa. Uko kuli bata koma usiku ulibe kolowera. Uku khonde layang'ana nyanja, uko layang'ana poimika magalimoto koma khitchini n'njaikulu, yokwanira mphika wa nsima ya banja lonse. Mzere uliwonse umene hotelo ina yapambana umabala mzere wina umene yagonja, ndipo bambo wa m'nyumba amapezeka pakati pa usiku akuwerengera masitepe ochokera pachikepe kukafika pamchenga, ali m'chipinda chapansi ku Brampton atavala masokosi awiriawiri.

Mzere umodzi umafuna kufotokozedwa paokha, chifukwa ndi umene umadanitsa anthu. Pamagombewa pali tizisakasa ta udzu totchedwa palapa, ndipo n'tochepa kuposa ofuna mthunzi. Mahotelo ena ali ndi dongosolo losungitsa malo, kwina alendo amalawirira mbandakucha kukaima pamzere kapena kukaponya thawulo pampando. Ndiye kuti munthu amene adachoka kwawo kuthawa denga la udzu, nagwira ntchito usiku ndi usana mpaka kugula nyumba ya njerwa ku Canada, amalipira madola zikwizikwi kuti adzuke tambala asanalire kukalimbirana denga la udzu. Agogo ake akanamumangira chisakasa chotero tsiku limodzi, malipiro ake chipanda cha thobwa.

Akasankha hotelo, nthambi zina zimatulukira. Pali sabata yokhazikika, yomwe mwini wake amabwera masiku omwewo chaka chilichonse mpaka ukalamba. Pali sabata yoyandama, yomwe amaisungitsa yekha m'nyengo yomwe adagula, malinga wina asanamutsogolere. Masabata 51 ndi 52, a Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndiwo odula koposa. Wa ku Brampton amafunanso pakati pa Malichi, pomwe sukulu za ku Ontario zimatseka sabata imodzi, ndipo n'chimodzimodzi kholo lina lililonse m'chigawomo. Sabata yotsika mtengo imagwa nthawi imene ku Brampton nakonso kuli dzuwa laulere.

Pusi wakale ankalumpha ndi miyendo yake, mwangozi. Wamakono adamukhazikitsira makampani olumphitsa. RCI idayamba mu 1974, Interval International mu 1976, ndipo ntchito yawo ndi kusinthanitsa: mwini sabata ya ku Aruba amaisungitsa kwa iwo n'kutenga ya ku Mexico kapena ku Florida, atalipira umembala ndi ndalama ya kusinthako. Pambuyo pake kudabwera mapointi, omwe adachotseratu nthambi. Wogula sakhalanso ndi chipinda chodziwika. Ali ndi nambala, ndipo nambalayo nthawi zambiri imaperewera pang'ono pokha pa chipinda chomwe mtima ukufuna. Mankhwala ake ndi kugula mapointi ena.

Kugula kumachitika pamsonkhano wotchedwa wa mphindi 90, womwe mlendo amaitanidwako ndi nyambo ya chakudya cham'mawa kapena ulendo waulere wa paboti. Mphindizo zimawerengedwa ngati za mlaliki amene wanena kuti "pomaliza". Wokana amamubweretsera bwana, wokana bwana amamubweretsera bwana wa bwanayo, ndipo mtengo umatsika pa bwana aliyense, koma wa lero lokha.

Kugwa chagada kumabwera mwakachetechete, m'kalata. Chaka chilichonse mwini sabata amalipira ndalama yosamalira malo, apite asapite, ndipo ndalamayo imadziwa njira yokwera yokha. Denga likafuna kukonzedwa kapena zikepe zikakalamba, eni onse amasonkhetsedwa zapadera. Ku Aruba mitengo yotere imawerengedwa kwambiri m'madola a ku America, pamene malipiro a ku Brampton ndi madola a ku Canada, amene ndi mng'ono wake. Woganiza zogulitsa amapeza kuti msika wadzaza ndi apusi anzake, moti masabata a m'mahotelo ena amatsatsidwa pa intaneti pa dola imodzi. Lamulo loteteza ogula la Ontario la 2002 limapereka masiku 10 oti munthu asinthe maganizo, koma limateteza bwino wosainira ku Ontario komweko. Wosaina ali ndi mchenga kumapazi amagwa m'malamulo a kumene wasainirako. Mu 2023 aphungu a chigawochi adavomereza lamulo latsopano lokhala ndi ndime yolola eni timeshare kutuluka patapita zaka 25. Mwana wobadwa tsiku la kusaina amakhala atakwatira.

Kwa Mmalawi wa ku Brampton pali nthambi inanso imene wogulitsa saidziwa. Malamulo a ntchito a ku Ontario amatsimikizira wogwira ntchito masabata awiri a tchuthi pachaka, atatu akakwanitsa zaka zisanu. Masabata omwewo akudikiridwa ku Malawi: kuli ukwati wa mlongo, kuli chiliza cha malume, ndipo ulendo wa kudzera ku Addis Ababa umadya masiku ake panjira. Kumudziko kuli kale timeshare yachikale, nyumba ya azakhali ku Mangochi kapena ku Senga Bay, yomwe ndalama yake yosamalira ndi paketi ya shuga ndi chitenje, ndipo chambo chimabwera chokha pakhomo. Zikawombana chonchi, Aruba ndiye amagonja, sabata n'kutsala yopanda mwini.

Imatsala kanthawi kochepa chabe, chifukwa pamakhala mlamu. Alamu sadasaine kalikonse, sadakhalepo pamsonkhano wa mphindi 90, ndipo kalata ya chaka ndi chaka siidziwa keyala yawo. Amalandira chipindacho mwaulemu wonse, "poti chingangowonongeka", n'kubwerako atanenepa, ndi kamaginito komata pafiriji ngati mphatso. Lipoti lawo limakhala lachilungamo: bedi linali labwino, madzi otentha sadavute, kungoti hotelo yoyandikana nayo ili ndi dziwe lalikulu kuposa, ndipo achimwene akadafunsa asanagule.