Muli Anthu!

Pamalo pomwe ndimachita lendi, chakufupi ndi msika wa Domasi, tilipo mabanja 6 koma bafa ndi imodzi. Bafayo ili ndi malamulo ake osalembedwa, ndipo anthu amawatsatira kuposa momwe oyendetsa minibasi amatsatira malamulo a pamsewu wa M3. Chitenje chikapachikidwa pakhomo, muli mayi. Thawulo ikalendewera pakhoma, muli bambo. Pakakhala palibe chizindikiro, unkayamba wakhosomola kawiri uli chapatali, chifukwa chitseko chinaguluka ndi namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo alandilodi ankadikira kuti misomali itsike mtengo. Wam'kati amakuwa kuti, "Muli anthu!" ngakhale ali yekhayekha. Sindinamvepo wina akuti muli munthu. Zikuoneka kuti munthu akavula amachuluka.

Lamulo lalikulu ndi la sopo. Chigwere ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo amalowa ndi mwini wake n'kutuluka naye, ngati mwana wopita naye kusikelo. Aneba ena anaiwalamo Lifebuoy wawo kwa ola limodzi lokha. Anakam'peza atawonda ngati wadwala malungo, ndipo tsiku limenelo pamalo ponse tinkanunkhira mofanana.

Mtendere umenewu anausokoneza ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi akunyumba, amene akuphunzira pa Domasi College of Education. Anabwera Lachinayi madzulo foni ili m'manja.

"Achemwali, kodi inu mumadzisamalira?"

"Iwe, ukundiona ngati sindisamba?"

"Kusamba ndi kwina, self-care ndi ina."

Anawaonetsa kanema. Mzimayi wina wa ku Johannesburg atagona m'chibafa choyera chonga bwato la pa Chilwa, thovu mpaka m'khosi, makandulo mbali zonse ngati pamaliro a bishopu, m'maso ataikamo nkhaka. Mayi akunyumba anayang'anitsitsa, kenako anafunsa mafunso awiri okha: "Madzi onsewa watunga ndani? Nanga ana ake ali kuti?"

Mlamu anati zimenezo n'zazing'ono. Ilipo njira ya ife osauka. Mchere pang'ono m'madzi ofunda, mandimu awiri, masamba a bulugamu, shuga wosakaniza ndi mafuta ophikira wokhulira khungu, peyala lopaka kumaso, kandulo imodzi. Zonse zimapezeka pa Songani. Ine ndinali phee pampando, kuwerengera chamumtima: shuga ndi wa tiyi, mafuta ndi a ndiwo, peyala ndi la ana. Ndiye kuti chakudya cham'mawa chathunthu chikukalowa kubafa.

Lachisanu usiku chigamulo chinaperekedwa. "Bambo a ana, mawa madzi muika ndinu."

Apa ndiyenera kuulula. Anankungwi amalangiza mkwatibwi kuti m'mawa aziikira mwamuna wake madzi osamba, ndipo kwa zaka 14 ndakhala ndikudzutsidwa ndi mawu okoma akuti, "Madzi ali kubafa." Ndinkaganiza kuti madzi ofunda amangotsika okha, monga umatsikira mtsinje wa Domasi pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Loweruka limenelo ndinatulukira kuti ali ndi ulendo wautali. Umayamba wafola pampopi ndi zidebe ziwiri za malita 20, kumbuyo kwa amayi asanu ndi atatu amene nkhani zawo zimaduka mwadzidzidzi ukangofika. Kenako mbaula. Makala a masiku ano ndi amwano, amafuna pulasitiki, kupemerera ndi kuwanyengerera. Ndinakupiza ndi chivindikiro cha poto mpaka maso anafiira ngati ndachokera kumowa.

Aneba a khomo lachitatu anandipeza ndili chogwada.

"Achimwene, alamu sakupeza bwino?"

"Ayi, ali bwinobwino."

"Ndiye mwalakwa chiyani?"

Asanamve yankho anapita, ndipo nthawi isanakwane 9 koloko mbiri inali itafika kwa ometa tsitsi kumsika kuti ine anandidyetsa khuzumule.

Cha m'ma 10, mwambo unayamba. Mayi akunyumba anadutsa pabwalo atanyamula kandulo yoyaka dzuwa likuswa mtengo, mlamu ali pambuyo ndi mbale ya mchere, mandimu ndi mtolo wa masamba. Tsono muyenera kudziwa kuti kuno munthu salowa kubafa ndi mchere ndi masamba popanda chifukwa. Mayi wogulitsa mandasi wa khomo loyamba anaimika chiwaya, n'kuyamba kupemphera chamumtima milomo ikuoneka. Kwa iye nkhani inali yachidziwikire: awa apita kwa sing'anga, akusamba mankhwala kuti akoke makasitomala ake. Zoti ife sitigulitsa chilichonse sizinam'tonthoze. Anati ndi momwe amayambira.

Nthunzi ya bulugamu itayamba kutuluka pamwamba pa khoma, aphunzitsi opuma a khomo lachisanu anakumbuka Januwale wa 2021, nthawi ija dziko lonse linkafunda bulangete pamwamba pa poto wa masamba pothawa Covid. Analowa m'nyumba, n'kutulukamo atavala masiki yakale yomwe ankapukutira magalasi.

M'katimo zinthu sizinayende monga pakanema. Beseni lathu lochapira ndi lachilungamo: ukakhalamo, miyendo imatsala kunja, ukalowetsa miyendo, iweyo umatsala kunja. Kandulo inazima ndi ndowa yoyamba. Shuga anaitana nyerere za chigawo chonse cha Mfumu Malemia. Peyala, theka lake anali atadya kale mwana wathu wachiwiri, amene anadziteteza ponena kuti sanaonepo chakudya chikupakidwa panja pa munthu. Nkhaka ndinadya ndine. Ndinkayesa zatsala.

Kunja mzere unali utakula. Bambo wina anali ndi ukwati wa 11 koloko, suti itasitidwa kale. Anakhosomola kawiri. "Muli anthu!" Anakhosomola kanayi. "Muli anthu!" Anakhosomola mpaka chifuwa chenicheni chinam'yamba. Mapeto ake anasamba pasipoti kuseri kwa nyumba, kumaso ndi m'khwapa basi, n'kumalizira ndi perefyumu. Wamng'ono wathu naye anakaima pakhomo pa bafa: "Amayi, phala lili kuti?" Yankho linabwera lofatsa, longa la munthu amene ali kutali: "Kafunse abambo ako." Mwanayo anandiyang'ana, n'kuyamba kulira.

Anganga, amene anabwera kudzatiyendera sabata imeneyo, ankaonera zonsezi ali pamphasa akusenda nandolo. Iwo sanadabwe. Anati Domasi anazolowera kuphunzitsidwa ukhondo ndi alendo. Anayamba ndi a mishoni ya ku Scotland, aja anabwera ndi Alexander Hetherwick mu 1884. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunabwera sukulu ya Jeanes, komwe aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira kusamala pakhomo. Lero mabuku a ana asukulu onena za kusamba m'manja amakonzedwera pompano, pa Malawi Institute of Education. Tsopano yabwera foni. "Onsewa amatipeza tikusamba kale," anatero anganga.

Ndipo anatiuza za kumtsinje. Amayi anali ndi dooko lawo, abambo lawo kumunsi. Mwamuna akafuna kudutsa ankayamba wakuwa ali patali kuti, "Kumadzi!" n'kudikira mpaka am'loleze. Unkachapa, n'kuyanika pamiyala, ndipo podikira kuti zovala ziume unalibe chochita china koma kukhala m'madzi. Mwala wokhulira ming'alu ya kumapazi unali pomwepo, waulere. Chinkhupule chinkayanga chokha pampanda. Kumsana ankakukhula ndi mnzako, uku akukuuza amene wasiyidwa ukwati ndi amene watenga pathupi. Pomaliza, mafuta a nsatsi. Palibe mwana ankabwera kudzafunsa phala, chifukwa nayenso anali m'madzi momwemo. Ndinawakumbutsa za likodzo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Walira mvula walira matope. Nanga inu ndi bafa yanu yopanda chitsekoyi, mwapindulanji?"

Patatha mphindi 50 chitenje chinachoka pakhomo. Mayi akunyumba anatuluka. Ndinayang'anitsitsa kuti ndione ntchito ya shuga wanga. Khungu linali lomwe lija, kupatula kachidutswa ka peyala kuseri kwa khutu. Koma ankayenda pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya yomwe ndinaimva komaliza tisanakwatirane. Usiku ndinawafunsa kuti mwa zonse zija, chinagwira ntchito n'chiti, mchere kapena mandimu.

"Madzi anazizira kalekale," anatero. "Ndinangotembenuza ndowa n'kukhalapo."

"Kuchita chiyani?"

"Palibe. Palibe anandituma."

Ndinafuna kunena kuti zimenezo akanatha kuchitira pakhonde osaononga shuga, koma ndinakumbuka kuti pakhonde ndi pomwe ndimawaitanira kuti andipatsire rimoti.

Sabata yotsatira mayi wa mandasi, atatsimikiza kuti malonda ake sanatsike, anabwera kudzafunsa muyezo wa mchere. Lachitatu amayi onse 6 anasonkha ndalama, n'kuitana kalipentala. Chitseko chomwe chinakanika alandilodi zaka zonsezi chinakhomedwa m'mawa umodzi, ndi loko wam'kati. Pakhoma pamatidwa pepala lolembedwa ndi mlamu, la ndondomeko ya Loweruka: mayi aliyense mphindi 45, kuyambira 8 koloko mpaka itadutsa 12. Alandilodi atawerenga pepalalo sananene kanthu, angokweza ya madzi.

Abambo tapatsidwa nthawi ya 5 koloko m'bandakucha, madzi ake ozizira, ndipo Juni akubwera ndi chiperoni chake. Aneba aja a khomo lachitatu ndinawapeza Loweruka lapitali ali chogwada pambaula, maso ali psuu. Anandipempha chivindikiro cha poto. Ndinawabwereka.