Helemeti ya pachigongono

Ife a kabaza a kwa Mlolo tili ndi mphatso imodzi: maso. Chipewa choyera cha apolisi a pamsewu chikangothwanima kutsogolo, njinga imakhota yokha n'kulowa m'munda wa eni ake, pasenja akukuwa kumbuyo. Tsiku lina ndinathawa mpaka m'matope, chonsecho anali mkulu wa mpingo akupita ku mapemphero.

Musandiseke kwambiri. Kuno kutsidya kwa Shire, kumene madzi anakokolola msewu pa Mtayamoyo, namondwe Freddy n'kudzamaliza zotsala mu 2023, njinga yamoto ndiyo basi, ndiyo lole, ndiyonso ambulansi. Koma malamulo a pamsewu palibe anatiphunzitsa. Njinga timaphunzirira pabwalo la mpira masana, madzulo tanyamula kale munthu wa ku Makhanga. Lamulo timalidziwira pa risiti, chindapusa chitatuluka kale m'thumba.

Ndiye mwezi watha wapolisi wina anabwera pa siteji yathu, wopanda wisulo, wopanda buku la marisiti. Anzanga onse anabalalika. Ine ndinatsala, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, mafuta anali atandithera.

"Achimwene, helemeti ili kuti?"

"Iyi bwana, pachigongono."

"Mutu bwanji?"

"Dzuwa la kuno mukulidziwa bwana. Komanso mutu wangawu ndi wolimba."

Sanakalipe. Anangoti tsiku lina ndikapititsa wodwala ku chipatala cha Trinity ku Muona, ndikafunse anamwino kuti mitu yolimba amaisoka ndi ulusi wanji. Kenako anakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kufotokoza bwinobwino: nambala ya njinga ndi yoti ikabedwa ipezeke, inshuwalansi ndi yoti ukagunda munthu usagulitse munda, ndipo mabuleki sanapangidwire anthu anayi ndi thumba la chimanga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti zonsezi anazipanga n'cholinga chofuna kudya ndalama zanga basi. Anzanga aja anayamba kutuluka m'tchire mmodzimmodzi, ena mpaka kufunsa mafunso.

Pano helemeti ndimavala kumutu, ngakhale mayi a kunyumba akwiya chifukwa ndi momwe ndinkawanyamuliramo tomato. Kuthawa nako kwavuta. Bwana uja anatifunsa mayina ndi midzi, ndiye zinapezeka kuti amapemphera limodzi ndi apongozi anga. Za laisensi ndinamuuza kuti mawa. Lamlungu lapitali apongoziwo anandiitana pambali, n'kundifunsa kuti mawa lake ndi liti.