Mmene Mungadyere Mapaundi 270 n'Kubwerera Kunyumba ndi Njala

"Munadyapo kuno?" Limeneli ndiye funso loyamba limene woperekera zakudya adzakufunsani mukangokhala pansi. Chonde musamuyankhe kuti mwakhala mukudya chisiyireni bere. Sakufunsa zimenezo. Akufuna mumupatse mpata woti akuphunzitseni kudya. Ine ndi imvi zangazi ndinakhala duu mu lesitilanti ina kum'mawa kwa London, manja pamaondo ngati mwana wa Sitandade 1, kamnyamata ka ndolo pamphuno kakundilongosolera kuti pamalo pano chakudya n'chogawana. Chogawana! Kuuza Mmalawi. Alamu anga, amene anatiitanira kumeneko chifukwa anali atakwezedwa pantchito, ankangogwedezera mutu ngati akumva uthenga umene sunafikepo kwathu.

Poti malo a small plates (timbale ting'onoting'ono) amenewa angoti mbwee mumzinda muno, ndipo tsiku lina nanunso adzakukokerani kumeneko, ndati ndikutsineni khutu.

Choyamba, mverani phunzirolo mwaulemu mpaka lithe. Mudzauzidwa kuti munthu aliyense aitanitse timbale tiwiri kapena titatu. Liwu lakuti "tiwiri" analiikamo kuti musathawe. Nambala yeniyeni ndi itatu, ndipo mukadya titatuto mudzazindikira kuti inali isanu. Musafunse kukula kwa kambale, chifukwa mnyamatayo adzapinda manja ake mlengalenga ngati wafumbata mwanapiye, n'kunena kuti "kali chonchi." Menyu nayonso sidzakuthandizani. Mzere uliwonse uli ndi mawu atatu okha, opanda mneni: kabichi, mtedza, utsi. Pambali pake 12. Chizindikiro cha paundi anachichotsa kuti mtima wanu usagunde msanga. Kabichi ameneyo atafika tinapeza kuti ndi chigawo chimodzi mwa zinayi cha mutu, wopserera mbali imodzi mwadala. Kwathu mwana akapsereza ndiwo chonchi amakagona atamva mawu. Kuno wophikayo amamujambula m'magazini.

Mwina mungafune kudziwa amene anatilodza. Mwambowu unachokera ku Spain, kumene timbale totere amatitcha tapas. Liwu lakuti tapa limatanthauza chivundikiro, ndipo nkhani imene anthu amakonda kusimba ndi yakuti kale ankavundikira tambula ya vinyo ndi kachidutswa ka buledi kapena ka nyama kuti ntchentche zisagweremo. Ku Granada mpaka lero mabala ambiri amakupatsa kambale kotere kwaulere ukagula chakumwa. Kwaulere, mwamva? Ku Venice ali ndi cicchetti, ku Turkey ndi ku Lebanon ali ndi meze, ndipo konseko n'zakudya zotsitsira chakumwa kapena zotsegulira m'mimba chakudya chenicheni chisanabwere. Ku London zinagwira moto Barrafina itatsegulidwa ku Soho mu 2007, kenako Polpo ya malemu Russell Norman mu 2009, nthawi imene chuma chinali chitagwa ndipo anthu ankaopa mbale imodzi yodula. Ndiye anayamba kugula timbale khumi totchipa. Masamu ake muwerengere nokha.

Lamulo lachiwiri ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndikupemphani mulisunge pamtima: chilichonse chimabwera chosakwanira anthu amene ali patebulo. Mukakhala anayi, zibwera zitatu. Mukakhala awiri, zibweranso zitatu, kuti banja liyesedwe. Ife tinali anayi: ine, mayi a kunyumba, alamu, ndi mzungu wina mnzawo wa kuntchito. Tinaitanitsa croquetas, timibulu tokazinga tokhala ndi phala la mkaka ndi nyama ya nkhumba m'kati. Tinafika titatu, titakhala motalikirana pakambale ngati anthu okwiyitsana. Mzungu uja anatola kamodzi asanamalize n'komwe chiganizo chimene ankalankhula. Mayi a kunyumba sadya nkhumba, ndiye anadzichotsa okha pamlanduwo. Apa munganene kuti zatheka, awiri otsala, timibulu tiwiri. Ayi ndithu. Mzungu uja anati n'tokoma kwambiri, n'kutolanso kena.

Kanatsala kamodzi.

"Tengani alamu."

"Iyayi alamu, tsiku ndi lanu ili, tengani ndinu."

"Aa, ine ndakhuta kale."

Kukhuta chiyani, munthu atangodya nyenyeswa za buledi? Tinakankhirana kambaleko mphindi zisanu, mpaka alamu anatenga mpeni kuti adule pakati. Musadzayese zimenezi. Kamubulu kameneka sikadulika. Kanangophwanyika, phala lija n'kuyenderera pambale, ndipo amuna awiri aakuluakulu, wina ali ndi zidzukulu, tinayamba kupala mbale ndi nsonga za mafoloko, aliyense akuyang'ana kumbali. Choncho malangizo anga ndi awa: pitani ndi rula, kapena pitani ndi munthu mmodzi amene simumukonda, kuti mukamumana mtima usakutsutseni.

Palinso kachidutswa komaliza, kamene aliyense akukafuna koma palibe wofuna kuoneka wadyera. Kamakhala pakati pa tebulo kakuzizira, maso asanu ndi atatu akukazemba. Musade nkhawa, mlandu umenewu amaweruza ndi woperekera zakudya. Adzatulukira kumbuyo kwanu, n'kufunsa kuti "Mwamaliza?" mbale ili kale m'manja mwake, ndipo mapaundi anu atatu adzabwerera kukhitchini inu mukumwetulira.

Chachitatu, iwalani zoti chakudya chili ndi poyambira ndi pothera. Adzakuuzani kuti mbale zizibwera "zikapsa." Tanthauzo lake n'lakuti zisanu zidzafika nthawi imodzi pakatebulo kongokwana nyuzipepala yopinda, inu n'kunyamula kandulo m'manja kuti nsomba ipeze pokhala. Kenako kudzakhala zii kwa theka la ola. Nyama idzabwera yokha ngati mwana wamasiye, ndipo mbatata imene inayenera kuiperekeza idzafika nyamayo itaiwalika. Chifukwa chake sichobisika. Lendi m'mizinda ngati London ndi yokwera, makhitchini ndi ang'onoang'ono, ophika ndi ochepa. Kuphikira anthu anayi zakudya zinayi zosiyana kuti zonse zipse mphindi imodzi ndi ntchito yofuna luso ndi manja ambiri. Kutulutsa kambale kalikonse pamene kapsera n'kosavuta. Vuto la kukhitchini analisamutsira patebulo panu, n'kulipatsa dzina lokoma.

Zina ndingodutsamo mothamanga. Mpando ndi kasitulu kopanda motsamira, kuti msana ukukumbutseni nthawi. Tebulo mwabwereka kwa mphindi 90 basi. Nyali ndi zakuti menyu muziwerenga ndi tochi ya pafoni. Nyimbo ndi zokweza moti alamu anatiuza za udindo wawo watsopano katatu ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti amagwira ntchito yanji. Buledi ngogula. Kambale kanu kodyera sadzakasintha usiku wonse, choncho mafuta a nsomba, uchi ndi yogati zidzakumana pamenepo n'kupanga ndiwo yachilendo imene simunaitanitse. Tsabola wobiriwira wa ku Padrón ngwabwino, ambiri sawawa, koma mmodzi mwa apo ndi apo amaluma, ndipo ameneyo adzagwera inuyo.

Pamadzi pokha tcherani khutu. Akakufunsani ngati mukufuna madzi a thovu kapena opanda thovu, onsewo ndi a m'botolo, ogula. Nenani kuti mukufuna a pampopi. Ku England malo aliwonse ogulitsa mowa womwera pomwepo amalamulidwa kupereka madzi a pampopi kwaulere munthu akapempha. Ife tinachita manyazi, ndipo manyaziwo anatidyera mapaundi 6.

Koma chimene chinandiwawa si njala ayi. Ndi liwu lija lakuti kugawana. Ine ndinakulira pa mbale imodzi. Tinkasamba m'manja m'beseni limodzi kuyambira wamkulu, n'kuzungulira mphasa ana asanu ndi mmodzi. Ndiwo zathu zinalidi small plates, ndipo mwina zinkachepa kuposa za ku London: kambale ka usipa, ka nyemba, ka mpiru wotendera. Koma pambali pake pankakhala phiri la nsima, ndipo palibe ankawerenga mitanda ya mnzake. Ukatsina kandiwo pang'ono, nsima inkamaliza ntchito. Za nthutumba ya nkhuku panalibe kukankhirana mbale, aliyense ankadziwa kuti ndi ya bambo kapena ya mlendo. Pa chidyerano mabanja ankabweretsa zimene aphika kuti amene kwawo sikunafuke utsi asagone ndi njala, ndipo sankamufunsa kuti wabweretsa chiyani. Kumeneko ndiye kugawana. Izi zoika timibulu titatu pakati pa anthu anayi anjala n'kuwauza kuti akondane, ndi kuwayambanitsa. Usiku wonse ndinkawerenga zimene zikulowa m'kamwa mwa mlendo, chinthu chimene amayi anga akanandimenya nacho chipande.

Tibwerere ku malangizo, poti bilu yafika.

Lamulo lachinayi: kumayiko kuno mawu akuti "ndakuitanani" satanthauza kuti "ndilipira." Alamu anakhalitsa kuno, ndipo mbali imeneyi ya chikhalidwe anailandira ndi manja awiri. Kapepalako kanabwera m'kachitini kokongola. Timbale 12, mapaundi 144. Buledi kawiri, 12. Madzi aja, 6. Mabotolo awiri a vinyo, 78. Vinyoyo anasankha mzungu uja atanunkhiza tambula n'kutseka maso, ndipo anali wachikasu, wa mbuu, wonunkhira ngati thobwa logona masiku anayi. Akuti ndi mmene amayenera kukhalira. Zonse pamodzi 240, kenako pansi pake kamzere ka service charge, 12.5 peresenti, mapaundi 30. Yonse 270.

Kamzere kameneka mukadziwe bwino. Kawirikawiri pamalembedwa kuti ndi discretionary, kutanthauza kuti muli ndi ufulu wopempha kuti akachotse ngati simunakhutire. Palibe amachita zimenezo, chifukwa ungayambe bwanji mnyamata ataima pomwepo ndi kamakina ka khadi. Komanso kuyambira pa 1 Okutobala 2024, lamulo ku Britain limakakamiza eni malo odyera kupereka ndalama yonseyi kwa antchito osadulako. Ndiye lipirani ndithu, mnyamatayo si amene anawerenga timibulu tija. Ndipo mukaona kamzereko musawonjezerenso ina pamwamba.

Tsopano padzapezeka munthu wonena kuti, "Tingogawa pakati, eti?" Munthu ameneyu nthawi zonse ndi amene wadya kwambiri. Mapaundi 67.50 aliyense. Mayi a kunyumba amapemphera ku Seventh Day: sadya nkhumba, sadya nkhanu ndi zinzake za m'nyanja, vinyo sayandikira. Pa timbale 12 tija anakhudzapo kabichi wopserera, buledi ndi tsabola atatu. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Anatsegula chikwama mwakachetechete, akundiyang'ana ndi diso lija limene amuna okwatira amalidziwa, lonena kuti nkhaniyi tikaimalizira kunyumba. Ngati simumwa, kapena pali zimene simudya, nenani poyambirira, menyu isanatsegulidwe, kuti zakumwa aliyense alipira zake. Zimamveka zaumbombo kwa mphindi imodzi yokha. Mukadikira bilu, mwachedwa.

Musaiwale kuyamikira potuluka. Mnyamata adzakufunsani kuti zinali bwanji, ndipo inu munene kuti zinali zodabwitsa, pakuti limenelo si bodza. Kunena zoona, zina zinali zokoma. Nsomba ija inali yabwino kwambiri, ndikanakonda kukumana nayo kachiwiri kuti ndiidziwe bwino. Panja mudzaona shopu ya kebab ili pafupi, nyali zili ngwee, ndipo pamzere mudzazindikira nkhope za anthu amene anali patebulo loyandikana ndi lanu. Musapatsane moni. Aliyense ayang'ane tchipisi chake.

Langizo lomaliza ndi la nzeru zakale za apaulendo: idyani musananyamuke. Ngati zimenezo zakukanikani, siyani ufa ndi mthiko poonekera, kuti pobwera musavutike kufufuza mumdima. Ife tinafika kunyumba cha m'ma 11 usiku, opanda mapaundi 135. Mayi sanavule n'komwe jekete, anangoteleka poto. Nsima itayamba kukhuthala, usipa wochokera kumudzi ukutenthedwa pambali, foni yanga inalira.

"Alamu, mwafika bwino?"

"Tafika, alamu."

Panadutsa kanthawi ali chete. Kenako anatsitsa mawu. "Kodi achemwali aphika?"

Tinawonjezera ufa. Anabwera pa Uber, okha, ndipo anadya mitanda inayi.