Tiwavulire Chipewa Ochemerera Homelander

Alamu anga ali ndi mphatso imene ine ndinamanidwa. Amatha kuonera munthu akuwotcha anzake ndi moto wotuluka m'maso, iwo n'kuwomba m'manja, n'kutembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Alamu, atsogoleri ndi amenewatu." Ndakangana nawo zaka zingapo, malovu kuuma, nsima kuzizira m'mbale, achemwali anga kutopa n'kuleretsa. Lero ndagonja, ndipo ndabwera kudzapepesa pagulu. Iwo pamodzi ndi anzawo ambirimbiri a ku America ndi kwina, amene amamuona Homelander ngati mpulumutsi, ndi anthu oyenera nthungululu.

Kwa inu amene simunamuonepo, Homelander ndi mkulu wa ngwazi zisanu ndi ziwiri zotchedwa The Seven m'sewero la pakanema la The Boys, limene linayamba kuonetsedwa pa Prime Video mu July 2019. Nkhani yake inachokera m'mabuku a zithunzi a Garth Ennis ndi Darick Robertson, amene anayamba kutuluka mu 2006, ndipo amene anaisandutsa ya pakanema ndi Eric Kripke. Ngwazi zimenezi ndi katundu wa kampani ya Vought, imene inazibaya mankhwala otchedwa Compound V zili makanda, n'kumauza dziko kuti ndi Mulungu anazisankha. Homelander amauluka, chipolopolo sichimulowa, amamva kugunda kwa mtima wa munthu wamantha, ndipo kumsana amakoleka nsalu yofanana ndi mbendera ya America. Tsitsi ngati golide, mano oyera mbee, kumwetulira kwa mlaliki pa tsiku la zopereka. Chikomekome cha mkuyu, anatero akuluakulu, ndipo nyerere za mumkuyu uwu n'zazikulu ngati mbewa.

Ndiye taonani luso la alamu anga. M'sizoni yoyamba muli ndege imene yalandidwa ndi zigawenga ili pamwamba pa nyanja. Homelander walowamo ndi mnzake Queen Maeve, anthu n'kusangalala kuti apulumuka. Mwa kusasamala kwake, moto wa m'maso mwake uja waononga zida zoyendetsera ndege. Iye poona kuti zavuta, waganiza zongochoka. Maeve wamudandaulira kuti anyamuleko mayi mmodzi ndi kamwana kake, iye wakana, poti akapulumuka akaulula. Anthu akumukakamira, wawaopseza ndi maso ofiira psuu, n'kuuluka. Onse afa. Kenako waima pamaso pa atolankhani, nkhope yachisoni, kunena kuti akanawalola kugwira ntchito ndi asilikali akanafika msanga. Munthu wamba ngati ine anaona pamenepo mfiti yovala mbendera. Alamu anga anapukusa mutu mwachifundo n'kunena kuti, "Nanga akanatani? Ndegetu imalemera." Kukhulupirika kotere simungakupeze ngakhale kwa galu amene mwamulera kuyambira ali kamwana.

Ndinayesapo kuwauza kuti mkati mwa zovala zimene zija muli munthu, dzina lake Antony Starr, wobadwira ku New Zealand mu 1975, amene tsitsi lake lenileni si lagolide n'komwe, amachita kulidaya. Ndinawauza kuti kwawoko anatchuka kale posewera yekha mapasa awiri osiyana mitima, Jethro ndi Van West, m'sewero la Outrageous Fortune, kenako n'kukhala mbava yonamizira upolisi mu Banshee. Alamu anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Ndipo anakhoza. Ife a kuno timadziwa kuti chilombo chikatuluka pabwalo, munthu wamwambo safunsa mafunso ambiri. Alamu anga ndi anzawo amasunga mwambo umenewu kuposa ana a kudambwe.

Tisawanyoze kuti anapusitsidwa ndi munthu wachabe, chifukwa Starr ntchito amaidziwa. Muyang'anitsitseni akamamwetulira. Milomo imakhalabe yotambasuka, koma maso amazima pang'onopang'ono ngati makala othiridwa madzi, kansagwada n'kugwedezeka kamodzi kokha, ndipo aliyense m'chipindamo amayamba kuwerenga masiku ake. Sakuwa kawirikawiri. Amakugwira paphewa, n'kukufunsa za ana kunyumba, ndipo mantha ake ali pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti m'nkhope yomweyo mumaonekanso kamwana kamene kanakulira m'chipinda cha asayansi, kopanda mayi, kofuna kuti wina akauze kuti ndi kabwino. N'chifukwa chake munthu wamphamvu kuposa onse padziko amanjenjemera akaona botolo la mkaka, amagona pamiyendo pa bwana wake Madelyn Stillwell ngati khanda, kenako n'kumuwotcha maso. M'sizoni yachitatu amakangana ndi chithunzi chake pagalasi, ndipo amagonja ndi iyeyo. Zonsezi Starr anazikonza mosamala kuti tione munthu wodwala. Alamu anga anaona mwamuna weniweni. Za mkakazo amati ndi nkhani ya thanzi.

Pali gulu lina la okonda seweroli limene ine ndinali membala wake, gulu la anthu osauka mumtima. Amenewa amadziwa kuti Homelander ndi woipa, ndipo chimene amakonda ndi luso basi. Amatha usiku wonse akutsutsana kuti woopsa kwambiri ndani pakati pa iye ndi Wilson Fisk wa Vincent D'Onofrio mu Daredevil, chimunthu cha dazi cholankhula ngati chikuopa mawu ake omwe, chimene mu 2015 chinaphwanya mutu wa munthu ndi chitseko cha galimoto chifukwa anachichititsa manyazi pamaso pa mkazi amene chinkamufuna. Ena amabweretsa Kilgrave wa David Tennant mu Jessica Jones, amene chilichonse akanena munthu amachita. Dandaulo lawo la chaka ndi chaka ndi lakuti pa masizoni anayi oyambirira, oweruza a mphoto za Emmy sanamuikepo Starr ngakhale pamndandanda wa opikisana, ngakhale kuti mu 2021 anapata mphoto ziwiri za Critics Choice Super Awards, imodzi mwa izo ya munthu woipa wosewera bwino koposa. Kudandaulako n'komveka, koma akulira chinthu chaching'ono. Emmy ndi kachifanizo koika pa shelefu. Starr anapata alamu anga, munthu wamkulu, wa ana atatu, wokhoma msonkho, amene anakhulupirira ndi mtima wonse. Ndi wazisudzo uti angafune mphoto yoposa pamenepo? Za Fisk alamu samva n'komwe, akuti munthu wosauluka alibe nkhani.

Anzawo a ku America anafika patali kuposa iwo. Mu November 2020, pa chionetsero cha otsatira Donald Trump ku Washington, panaoneka munthu atavala ngati Homelander, monyadira. Kripke ndi Starr yemwe ataona chithunzicho anadabwa poyera, Kripke n'kufunsa ngati anthuwo seweroli analionera n'komwe. Ine ndikuti eni akewo ndi amene analakwa. Mmisiri akasema mpando, sakhala ndi mphamvu youza wogula kuti akhalepo bwanji. Wina akafuna kuusenza pamutu ngati chisoti chaufumu, ndalama ndi zake.

Koma tsiku limene ndinazindikira ukulu wa alamu anga ndi limene tinaonera mapeto a sizoni yachitatu, ya 2022. Homelander waima pamaso pa khamu la omutsatira, akuwaonetsa mwana wake Ryan. Munthu wina wotsutsa waponya botolo, lamugenda mwanayo. Homelander, masana dzuwa likuswa mtengo, makamera akujambula, wamuphulitsa mutu. Pabwalo pati zii. Apa ndiye Starr anaonetsa zonse zimene ali nazo, pakuti nkhope ya Homelander ikuyamba ndi mantha a mwana amene waswa mbale, akudikira chikwapu. Kenako munthu mmodzi m'khamumo, Todd, wayamba kukuwa mokondwa, ena n'kutsatira, bwalo lonse n'kuwira. Mantha aja asanduka kudabwa, kudabwa kwasanduka kumwetulira kwa munthu amene wangozindikira kuti palibenso chomuletsa. Khoswe wakhala pamkhate. Ine thupi linachita tsembwe. Alamu anga anali atawomba kale m'manja Todd asanatsegule pakamwa.

Taganizirani ubwino wa mtima umenewo. Anthu a m'khamu lija anali aganyu, anawalipira kuti achemerere, dzuwa litalowa anavula zovala za ntchito n'kupita kwawo. Alamu anga amagwira ntchito yomweyo ulere, pa mpando wawo, ndipo bandulo ya intaneti amagula okha. Olemba anafuna kutionetsa mmene anthu abwinobwino amayambira kuombera m'manja wakupha. Akanatha kulephera, ife n'kumati n'zabodza za m'mafilimu, anthu enieni sangatero. Alamu anga anadzipereka kukhala umboni. Popanda iwo seweroli likanakhala nthano chabe.

Kupirira kwawo nakonso n'kosowa. Sizoni yachinayi itatuluka mu June 2024, ambiri a gulu lawo anakwiya kuti seweroli lalowa ndale, layamba kunyoza anthu ngati iwo. Zaka zisanu akudya ndiwo zomwezo, kunyambita zala, kupempha zoonjezera, ndipo m'chaka chachisanu m'pamene anafunsa kuti kodi mwathiramo tsabola? Lilime lotere ndi chuma. Ena anasiya kuonera. Alamu anga sanasiye, anangoti olembawo ali ndi nsanje ndi Homelander.

Ali ndi asuweni awo amene ndisawaiwale, aja okwiyira wosewera m'malo mokwiyira munthu wa m'sewero. Mu 2021 Wyatt Russell, mwana wa Kurt Russell ndi Goldie Hawn, atapatsidwa chishango cha Captain America monga John Walker mu The Falcon and the Winter Soldier, anamuthira mawu oipa ngati kuti chishangocho anachita kuthyola nyumba n'kuba. Ndi a mtundu umodzi ndi alamu anga, anangosiyana kolowera. Nafenso tisadziyese anzeru kwambiri. A Michael Usi anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, koma m'minibasi tinkangoti Manganya, ndipo ambiri mpaka lero tikamva za Eric Mabedi ndi John Nyanga timayamba taganiza kaye, pomwe tikamva Jakobo ndi Izeki timaseka nthawi yomweyo. Kambewu kamene kanakula mwa alamu anga kali mwa tonse, kungoti kwa iwo kanagwera pa chulu.

Choncho mukakumana nawo pa msika kapena pa bawo, akukambirana za Homelander ngati akukamba za malume awo, musawafotokozere kanthu. Musatchule za New Zealand, musatchule za utoto wa tsitsi. Vulani chipewa, muwagulire paketi ya mkaka, muwasiye amalize nkhani yawo. Koma akakuuzani kuti mukwere nawo ndege, inu dikirani basi.