Mbava Ija Yabatizidwa Liti?

Tazimitsani kaye mafoniwo, mukhale pansi. Mlandu wanu ndi waukulu, adzukulu inu, ndipo woweruza ndine.

Phungu mmodzi yemweyo, Lolemba mukuti ndi mbava. Lachisanu wafika pamaliro kwa Malomo ndi bokosi komanso thumba la ufa, mwayamba kunong'onezana kuti bwanawa ndi munthu wa anthu. Mbava ija yabatizidwa liti? Anaiona ikulapa ndani?

Mumati mumayeza munthu ndi mfundo zake. Bodza! Mumayeza ndi feteleza. Mu 2020, mutamva za thumba la K4,495 ndi kudya katatu patsiku, munavina pa Mponela fumbi lili koboo, a Chakwera ali mneneri. Mitengo itakwera, njinga zanu za kabaza zitagona pamzere wa mafuta, mawu okoma achibusa omwe aja ndi amene munayamba kuwakayikira: "Munthu wolankhula bwino chonchi ngoopsa." Komabe litafika tsiku lovota, ena a inu munakumbukira kuti tambala wakuda ndi wakwathu, mtima pansi. Akanakhala wa ku Thyolo mukanamukhululukira?

Musaseke, mwatengera makolo anu. A Bingu atabweretsa makuponi mu 2005, nkhokwe zitadzaza, mu 2009 anawavotera ngakhale anthu amene sankadziwa njira ya ku Ndata. Pofika pa 20 July 2011 dziko linali mumsewu kuwakuwiza. Mng'ono wawo, a Peter, munawatukwana chifukwa cha tipeksi mpaka khoti linafafaniza chisankho cha 2019. Mu 2025 dziko lomweli linawabwezera pampando. Anasintha ndi iwo, kapena inasintha ndi mitengo ya shuga kugolosale? Kwa inu fodya ndi yemwe ali pamphuno basi.

Chondipweteka kwambiri nachi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti. Wofuna mpando akalitsatira, n'kuchoka pamsonkhano osasiya kanthu, mumamutcha woumira, wosadziwa anthu. Wolithyola, wokuponyerani ya sopo pawindo la galimoto, ndiye mukuti ngwachilungamo. Funsani kaye mjigo umene analonjeza chaka chija uli pati, nanga mlatho uja umakokoloka dzinja lililonse?

Tsono nsalu yachipani mwaibisa kumbuyoyo bwerani nayo kuno. Musandiyang'ane choncho, imeneyo lamulo silinailetse, ndipo chisanu cha June kuno ku Ntchisi sichifunsa kuti wafunda nkhope ya ndani.