Dipoziti ilibe rivesi

M'tauni muno mulibe munthu waulemu kuposa wogulitsa galimoto amene sanalandire ndalama zanu. Mukangolowa pamalo pake amakupukutirani mpando, kutuma mnyamata akagule Fanta, n'kumakutchulani "bwana mkubwa" ngakhale wakuonani mukutsika pa kabaza nsapato zili mbuu. Kenako amatulutsa foni. Toyota Sienta yonyezimira, ili ku Japan. "Iyi ndi yanu, bwana. Mungopereka theka, pakatha milungu 6 muli pachiwongolero."

Mwapereka. Lisiti? "Aaa, bwana, ife ndi inu tilemberanenso mapepala?" Mukaumirira amang'amba kapepala kokhala ndi chidindo chosawerengeka.

Apa ndiye ulendo wa galimoto umayamba, m'kamwa mwa mwini wakeyo. Mwezi woyamba ili panyanja. Wachiwiri yafika ku Dar es Salaam koma doko ladzaza. Wachitatu ili pachipata cha Songwe, dalaivala wadwala malungo. Wachinayi ili panyanjanso, ndipo musafunse kuti yabwerera bwanji. Udindo wanu nawo ukutsika mwezi ndi mwezi: munali bwana mkubwa, mwakhala achimwene, kenako aise, mpaka tsiku lina mudzamva kuti, "Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Chomvetsa chisoni n'chakuti wogulayo anadzitsekera yekha pakamwa. Chithunzi cha Sienta anachiika kale pa WhatsApp ndi mawu akuti "Mulungu wachita". Kutchalitchi anamuombera m'manja. Alamu ake anamuuza kale kuti adzanyamula akwati pa ukwati wa ku Ntcheu. Mtengo wa mango anaugwetsa kuti galimoto izipeza pokhota. Akadandaule kwa ndani?

Ndiye tamumveni tsiku lopita kukaitanitsa ndalama zake. Wagogoda ndi chala chimodzi, wakhala m'mphepete mwa mpando, wafunsa za mayi ndi ana kunyumba. Pomaliza: "Pepanitu akulu, sikuti ndikukukayikirani ayi, koma kandalama kaja..." Mamiliyoni asanduka kandalama! Wogulitsa amatsamira kumbuyo, nkhope ili ndwii. "Ndiye kuti mukundiyesa wakuba? Ine mkulu wa mpingo?" Wopepesa amakhala mwini ndalama. Sabata yotsatira wogulitsa ali kumaliro a agogo ake, agogo omwe aja anamwaliranso mu Marichi, ndipo wogula wathu, poti analeredwa bwino, amatumiza chipepeso.

Chonsecho malamulo alipo. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, linakhazikitsidwa mu 2003. Bungwe la CFTC limamva madandaulo a ogula ndipo limalamula amalonda kubweza ndalama. Mu 2024 linapatsidwa lamulo latsopano lokhala ndi mano. A John Kapito a bungwe loimira ogula la CAMA akhala akukalipa pa wailesi kwa zaka zambiri. Koma mukamuuza zimenezi wogula wathu amagwedeza mutu: "Kumang'ala kuwononga ubale." Ubale wake uti, poti munadziwana pa Facebook?

Amene amalimba mtima n'kungotchula dzina la CFTC amaona zodabwitsa. Foni imene inali kunja kwa netiweki kwa miyezi imayamba kuimba yokha. "Bwana mkubwa, bwanji kufika mpaka kumeneko? Tikambirane ngati amuna." Ndalama zimayamba kubwera, koma modontha: K50,000 lero, K30,000 pakutha pa mwezi, yochotsera ili kwa inu. Ndipo nthawi sigwira ntchito kumbali yanu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anapereka theka la Sienta mwezi umenewo usanafike, n'kubwezeredwa pambuyo pake, anapeza kuti theka lija lachepa thupi. Wogulitsa sanataye kanthu, wachitira bizinesi ndalama zanu popanda chiwongoladzanja, ndipo akuyembekezera kuti mumuthokoze.

Inu amene galimoto yanu ikadali pa Songwe chichokereni chaka chatha, fufuzani kapepala kaja, sungani mauthenga onse a pafoni, mukadandaule ku CFTC. Za mayi ndi ana mudzamufunsa ndalama zikalowa.