Ulemu kwa Khwangwala, Mwini Nyimbo za ku Versailles

Khwangwala sitimuwerengera. Amaba anapiye, amafukula chimanga chongodzala kumene, amasanthula kudzala, ndipo akati ayimbe, ngakhale mwana amatola mwala. Komatu mbale wake wa ku France, wakuda bii wopanda kolala yoyera ija, ndiye anali mwini mawu a nyimbo zimene Mfumu Louis XIV inkamvera ku Versailles. Mabuku amatama opeka nyimbo: amatama François Couperin, amatama Gaspard Le Roux. Lero titame amene anathothoka nthenga.

Chida chake ndi harpsichord, chimene Afalansa amati clavecin. Ukachionera patali umati ndi piyano yoonda. Kusiyana kuli m'mimba: piyano imamenya nsambo ndi tinyundo, pomwe harpsichord imakodola ngati chala pa bangwe. Ukadina kiyi, kathabwa kopyapyala kamadumpha. Pakathabwapo pali kalilime, ndipo pakalilimepo pasomekedwa kachidutswa ka tsinde la nthenga ya khwangwala, kochepa ngati chikhadabo chowenga. Kameneko ndiko kamakodola waya. Potsika, kalilime kamapendama kuti nthenga idutse mwakachetechete, tsitsi limodzi la nguluwe n'kukabwezera pamalo pake ngati sipuling'i, kansalu n'kutseka waya pakamwa. Choncho mfumu yovala wigi inkagwedezera mutu ntchito ya khwangwala ndi nguluwe, akuba awiri a m'munda.

Ukoma woyamba wa nthenga ndi wakuti siona nkhope. Udine kiyi mwaukali ngati mwalandidwa mkazi, udine mwaulemu ngati ukugogoda kwa apongozi, mawu amatuluka pafupifupi amodzimodzi. Couperin mwiniwake, m'mawu oyamba a buku lake la mu 1713, anavomereza kuti chidachi sichitha kukweza kapena kutsitsa mawu. M'nyumba yachifumu imene akuluakulu ankalimbirana kampando kokhalapo pamaso pa mfumu, nthenga yokha ndiyo inali yachilungamo. Mdzukulu wa mfumu amene Couperin ankamuphunzitsa, ndi wantchito wopukuta fumbi pamakiyi, onse inkawayankha ndi mawu ofanana.

Nanga wofuna phokoso lochuluka atani? Afalansa anapeza nzeru yakuya: abweretse harpsichord ina. Mu 1705 Le Roux anatulutsa nyimbo zake n'kusonyeza mmene woyimba wachiwiri angalowererepo. Couperin anaika nyimbo ya mtundu wotchedwa allemande, ya zida ziwiri, m'buku lake lachiwiri. Mu 1725, potulutsa nyimbo yolemekeza wopeka nyimbo mnzake Lully, anaulula kuti iye, a m'banja mwake ndi ophunzira ake ankayimba nyimbo zoterezi pa ma harpsichord awiri: aliyense dzanja lamanja nyimbo yake, koma lamanzere onse kutsata mawu amodzi apansi. Anati kusonkhanitsa zida ziwiri n'kosavuta kusiyana ndi kusonkhanitsa akatswiri anayi. Anakumbutsanso kuti pamafunika mabuku awiri m'malo mwa limodzi. Mkuluyu malonda ankawadziwa.

Tsono werengani nane. Harpsichord yaikulu ya ku France inali ndi mizere itatu ya nsambo, mzere uliwonse nsambo pafupifupi 60. Zonse ndi 180, iliyonse ndi kanthenga kake. Zida ziwiri, tinthenga 360. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mitu iwiri imagawananso litsipa.

Apa ndiye pali ukoma wachiwiri: nthenga silola munthu kukhala paulova. Kalikonse mwa tinthenga 360 kamafuna kusemedwa ndi kampeni. Ukakasiya kokhuthala kamakuwa ngati woledzera pamaliro, ukakapala kwambiri kamanong'ona. Kamafuna kudzozedwa mafuta, apo ayi kamauma n'kung'aluka. Ukakasiya nthawi yaitali, tizilombo timakadya. Ukamaliza zimenezo, nsambo zachitsulo ndi zamkuwa zikukudikira kuti uzichune, ndipo chida chachiwiri chigwirizane ndi choyamba waya ndi waya. Alendo akalowa, makandulo akayaka, chipinda chikafunda, thabwa limasuntha, chida chilichonse n'kusochera njira yakeyake.

Ukoma wachitatu ndi kuphunzitsa kudzichepetsa. Vayolini amalowa m'nyimbo mozemba, wochedwa pang'ono sadziwika. Nthenga siibisa munthu. Imangoti tswii nthawi yomweyo, ndiye wina akatsalira ngakhale kuphethira kwa diso, chipinda chonse chimamva mawu awiri pamene pamayenera kumveka amodzi. Taganizirani madzulo ena m'nyumba ya wolemera ku Paris. Awiri akhala pazida zawo, mapewa akuyendera limodzi, allemande ikuyenda bwinobwino. Pofika pokoma penipeni, kanthenga kamodzi kathyoka. Chala chadina, kathabwa kadumpha, kwangomveka "thwa" wa thabwa. Onse awiri akweza nsidze nthawi imodzi, aliyense nkhope yake ikuuza alendo kuti wolakwa ndi mnzakeyo. Ndi mlaliki uti angaphwetse matama msanga chonchi?

Wochenjera pa onse anali Armand-Louis Couperin, wachibale wa François, amenenso analemba nyimbo za ma harpsichord awiri. Iyeyu anakwatira Élisabeth-Antoinette Blanchet, katswiri woyimba wochokera kubanja lopanga zidazi. Nthenga ikathyoka, kuchipongozi kunali mpeni.

Koma anthu sayamika. Mu 1768 Pascal Taskin, mmisiri wa ku Paris, anayamba kuika chikopa cha njati pamzere umodzi kuti mawu afewe. Posakhalitsa piyano inalanda bwalo, harpsichord n'kukankhidwira pakona. Itadzuka patapita zaka pafupifupi zana, m'kupita kwa nthawi amisiri ambiri anayamba kukonda pulasitiki yotchedwa Delrin, yolimba, yosafuna mafuta, yosadyedwa ndi kachilombo. Ochepa okha ndiwo akusemabe nthenga, ndipo amalumbira kuti makutu awo amamva kusiyana.

Ndiye zikomo, a Khwangwala. Munavula kuti mafumu asangalale, dzina lanu osalembedwa pachikuto cha buku lililonse la nyimbo. Akuluakulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Wa ku France sanachite kufuna mantha, anangodikira pulasitiki. Lero akukalamba ndi mapiko athunthu padenga la Versailles, ndipo pansi pakamveka allemande, amayankha ndi nyimbo yake ija, imene palibe anaipemphapo.